Word Power Made Easy: Landiphunzitsa Zambiri, Koma Linandipusitsanso

Ndili Fomu 3 ndinagula buku la Word Power Made Easy pa mulu wa mabuku akale mumsika, chikuto chake chitathothoka kale. Analilemba ndi Norman Lewis, ndipo linatuluka koyamba mu 1949. Sabata yathayi ndaliwerenganso, ndiye ndati tikambirane.

Chimene ndimalikondera n'chakuti silikuloweza mawu ngati ndandanda wa zokagula. Limakupatsa mizu. M'Chigiriki, misein ndi kudana, anthropos ndi munthu. Ukaphatikiza wapeza misanthrope, munthu wodana ndi anthu anzake. Ukaikapo gyne, kutanthauza mkazi, wapeza misogynist, wodana ndi akazi. Muzu umodzi umakutsegulira mawu ambirimbiri, monga momwe kuphunzira, phunziro ndi mphunzitsi zimachokera pamodzi. Ukazolowera, mawu achilendo m'nyuzi sakuopsanso. Umangowang'amba pakati n'kuona za m'kati.

Koma abale, tanthauzo palokha silikwanira. Mawu ali ndi fungo lake, ali ndi malo ake oyenera, ndipo zimenezi munthu sazigwira msanga pongoyankha mafunso a m'buku. Ine ndinakodwa. M'kalata yanga yoyamba yopempha ntchito ndinadzitcha loquacious. Ndinkakumbukira kuti loquor m'Chilatini ndi kulankhula, ndiye ndinkaona ngati ndikuwauza kuti ndimatha kufotokoza zinthu bwino. Chonsecho ndinawauza kuti ndine wolongolola. Sanandiitane, ndipo sindiwada.

Mlandu wonse si wa Lewis ayi, changu chinali changa. Komabe bukuli limakusiya ndi maganizo akuti mwini mawu ambiri ndiye mwini nzeru, ndipo kwathu kuno matenda amenewa alipo kale. Timaombera m'manja munthu woponya Chingerezi cha mabomba ngakhale sitinamve kanthu.

Tatsegulani Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la mu 1958. Pamene Okonkwo akupha Ikemefuna, mwana amene ankamutchula kuti bambo, simufunika dikishonale. Mawu ake ndi wamba, koma mtima umakuwawa tsiku lonse.

Ndiye bukuli muliwerenge? Eya, makamaka ngati mukukonzekera MSCE kapena mumatopa ndi kufufuza mawu pafoni mzere uliwonse. Lidzakuthandizani pomva zomwe ena alemba. Koma polemba, ine lamulo langa tsopano ndi ili: mawu atsopano sindiwagwiritsa ntchito mpaka nditakumana nawo katatu m'ziganizo za anthu ena.