Kukulitsa chithunzi osataya mtsinje

Mphunzitsi akatsegula Google Earth kuti aonetse ana dera lawo mmene limaonekera kumwamba, ana sachedwa kupempha kuti akulitse. Pafoni, zala ziwiri zimakwanira, ndipo kuphweka kumeneku kumabisa vuto.

Kukulitsa kotereku kumakoka chithunzi chonse nthawi imodzi. Mwana amene akuyang'ana mzinda wa Tete amayamba waona Zambezi ndi mlatho wa Samora Machel. Akakulitsa kangapo amatsala ndi madenga okhaokha. Mtsinje watuluka pasikirini, ndipo mwanayo sakudziwanso kuti ali tsidya liti. Komatu phunziro la mapu limafuna kuti mwana adziwe pamene chinthu chili poyerekeza ndi chinzake. Akalephera kuyankha, mphunzitsi angaganize kuti chamuvuta ndi chilankhulo, pomwe chamusocheretsa ndi chida.

Pakompyuta ya Windows pali chida china, chotchedwa Lupa pa Chipwitikizi. Chimatseguka ndi batani la Windows pamodzi ndi la +, ndipo Ctrl, Alt ndi L amachisandutsa kagalasi koyenda ndi mausi. Kagalasika kamakulitsa malo amodzi, kwinako n'kukhala mmene kunalili, choncho mtsinje suchoka m'maso. Pa mfundo imeneyi kamaposa zala.

Nako kali ndi zofooka. Kamaphimba zinthu zoyandikana ndi malo amene kakukulitsa, monga njira yolowera pasukulu. Komanso kamangofufumitsa timadontho timene tili kale pasikirini, pamene Google Earth imaitanitsa chithunzi chooneka bwino ngati chilipo ndiponso intaneti ikulola. Palibe chida chimene chingaonetse zomwe kamera sinagwire: pa zithunzi za Sentinel-2, kadontho kamodzi kamaimira mamita 10 mbali iliyonse, ndiye nkhokwe singaoneke ngakhale mphunzitsi akulitse motani.

Motero kagalasi n'koyenera poyamba phunziro, ndipo zala n'zoyenera ana atazolowera malowo. Asanakulitse chilichonse, ana atchule m'Chinyanja zimene akuzizindikira: dambo, dimba, phiri, msewu, manda. Kenako asankhe chizindikiro chimodzi choti chisachoke pasikirini. Mphunzitsi akulitse pang'onopang'ono, ndipo chizindikirocho chikangosowa abwerere pa chithunzi chonse, afunse ana kuti aloze pamene anali.