Ng'oma Patsogolo, Gitala Pambuyo: Luso la Nação Zumbi

Oyimba ambiri akafuna kusakaniza zamakolo ndi zamakono amayamba ndi gitala, kiyibodi ndi madiramu, kenako nyimbo itapsa kale n'kuwazamo ting'oma kuti imveke yakumudzi. Chico Science ndi gulu lake la Nação Zumbi, a mumzinda wa Recife ku Pernambuco m'dziko la Brazil, anatembenuza zimenezi. Kwa iwo ng'oma ndiyo inali nsima, gitala ndiwo chabe.

Ng'oma yake ndi alfaia, chimng'oma chamtengo chokutidwa ndi chikopa mbali zonse ziwiri, chokungidwa ndi zingwe, chimene woyimba amachikoleka paphewa n'kumachimenya ndi ndodo ziwiri. Kwawo kwenikweni ndi ku maracatu, mwambo wa anthu akuda a ku Pernambuco wochokera ku zikondwerero za nthawi ya ukapolo zolonga ufumu "mfumu ya Kongo". Chico anali mnyamata wa funk ndi hip hop, ndipo gulu linabadwa pamene iye ndi anzake a gitala anaphatikana ndi oyimba ng'oma a gulu la Lamento Negro la m'dera la Peixinhos.

Tcherani khutu ku chimbale chawo choyamba, Da Lama ao Caos, cha mu 1994. Mulibe madiramu a bandi amene tinazolowera. Muli ma alfaia, kang'oma kolira mothetheka kotchedwa caixa, ndi tina togogoda. Kusowa kwa madiramuko n'kumene kunapatsa aliyense ntchito yatsopano. Pa maracatu kugunda kwamphamvu sikugwera pamene phazi likuponda, kumabwera pambuyo pake pang'ono, moti thupi limachita ngati lakankhidwa kumsana. Woyimba gitala wa rock akabwera ndi chizolowezi chake chodzaza paliponse, amangokwirira kukomako. Lúcio Maia, woyimba gitala wa gululi, sanatero. M'nyimbo ya A Cidade amadula gitala m'tizidutswa, kulowa pamene ng'oma zapuma, kutuluka zikamabwerera. Dengue, woyimba besi, naye anali ndi vuto lake, poti besi ndi alfaia zonse zimalira pansi, ndiye anayenera kuyendetsa zala m'mipata osalimbirana malo ndi chikopa.

Mawu a Chico amathamanga ngati rap, koma kathamangidweko ali nako kale kwawo. Ku Pernambuco kuli embolada, mpikisano wa anthu awiri olakatula mwaliwiro pamsika atagwira kang'oma ka m'manja kotchedwa pandeiro. Iye anangoona kuti ziwirizi n'zapachibale.

Si onse anakondwera. Mlembi Ariano Suassuna, amene mu 1970 anayambitsa Movimento Armorial pofuna luso lozikika m'miyambo ya kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, sankafuna kumva za rock pafupi ndi maracatu. Nkhawa yake inali yomveka, pakuti zosakaniza zambiri zimathera pa kugulitsa mwambo motchipa. Koma apa amene anagonja ndi gitala. Chizindikiro cha manguebeat, gulu la Chico ndi anzake oyimba, lomwe mfundo zake analemba Fred Zero Quatro mu 1992, chinali dishi ya kanema yozikidwa m'matope mokhala nkhanu.

Chilema chilipo ndithu. Chimbale choyambacho chinajambulidwa ku Rio de Janeiro pansi pa wokonza nyimbo Liminha, ndipo ng'oma zinatuluka zowonda. Alfaia ndi ya pabwalo, mu situdiyo imafota. Pa Afrociberdelia, cha mu 1996, anabweretsa Pupillo pa madiramu. Kulira kunanenepa, nyimbo ya Maracatu Atômico inamveka ponseponse, koma chimbalecho n'chachitali mopitirira, ndipo pena madiramu amatseka mipata ija imene inkapatsa ng'oma mpweya.

Chico anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 2 February 1997 ali ndi zaka 30, ndipo mnzake wa m'gululi Jorge du Peixe anatenga maikolofoni gulu n'kupitirira. Mwa zimbale ziwiri zimene Chico anasiya, choyambacho ndicho chaluso kwambiri, ngakhale chinajambulidwa mowonda.