Uta Wogwira ndi Phazi

Pa 1 Seputembala 2024, pa bwalo la Les Invalides mumzinda wa Paris, Matt Stutzman wa ku America anaponya mivi 15 pa chandamale choikidwa pa mtunda wa mamita 50. Mivi 14 inalowa m'kabwalo ka pakati ka mapointi 10, umodzi wokha n'kugwera pa 9. Anapeza mapointi 149 mwa 150, kuposa Ai Xinliang wa ku China amene anapeza 147, ndipo anatenga mendulo ya golide pa masewero a Paralympic ali ndi zaka 41. Kabwalo ka pakatiko n'kotambalala masentimita 8 okha, ngati pakamwa pa kapu ya tiyi. Stutzman anabadwa wopanda mikono. Uta amaugwira ndi phazi.

Anthu ambiri akamva zimenezi amagwira pakamwa, kupukusa mutu, basi nkhani yathera pomwepo. Ine kudabwa koteroko sikundikwanira, chifukwa kumathera pa mikono imene palibe, osafika pa ntchito imene munthuyu amagwira. Muvi umodzi mwina aliyense wolimbikira angauponye ndi phazi. Koma kuponya mivi 15 motsatizana, uliwonse mofanana ndi unzake, mtima ukugunda, anthu akukuwa, mphepo ikutembenuka, kumeneko kumafuna mmisiri. Umisiri wakewo umaoneka bwino munthu akatsatira muvi umodzi kuchokera pamene akuutola mpaka pamene ukuchoka.

Amakhala pampando, phazi lakumanja losavala nsapato. Muvi amautola poupana pakati pa chala chachikulu cha kuphazi ndi chinzake, n'kuugoneka pa uta, kenako n'kuukankha kuti kamphanda ka kumchira kwake kalume nsinga. Pachifuwa pake pamazungulira lamba, ndipo pa lambayo, cha paphewa lakumanja, pamakhala kachitsulo kokhala ndi ngowe. Amawerama mpaka phewa litafika pa nsinga, n'kukola ngoweyo pa kachingwe komangidwa kumbuyo kwa muvi. Apa thupi lonse limakhala litapindika, mutu uli pafupi ndi bondo. Ndiye zala zija zimapana chogwirira cha uta, mwendo n'kunyamuka. Akamadzuka kuti akhale tsonga, phazi limakankha uta kutsogolo, nsinga n'kutsala paphewa. Uta wakungika.

Apa pali nzeru imene imandigwira mtima. Oponya anzake amatambasula mkono wogwira uta n'kukokera nsinga kunkhope. Iye anaitembenuza ntchitoyo: nsinga imakhala pamene ili, uta ndiwo umayenda. Sanayese kusandutsa phazi kuti likhale dzanja lokoka, kapena kuluma nsinga ndi mano monga amachitira ena amene ali ndi mkono umodzi. Anayang'ana chimene mwendo umachita bwino mwachibadwa, kukankha, n'kumanga kaponyedwe konse pamenepo.

Mphamvu si vuto kwa iye. Malamulo a mpikisano amalola uta wa mtundu umene iye amaponyera kulimba mpaka mapaundi 60, pafupifupi makilogalamu 27, ndipo ntchafu ya munthu wamkulu imakankha zoposa pamenepo. Utawo ulinso ndi timawilo kunsonga zake ziwiri, timene timachepetsa kulimba kwa nsinga ikakokedwa mpaka kumapeto. Povuta ndi pa kukhazikika. Mwendo uli m'malere, wanyamula kulemera kwake ndi kwa uta, ndipo palibe pamene watsamira. Oimika ndi minofu ya m'ntchafu, m'chiuno ndi m'mimba. Kuchokera paphewa kukafika pa uta sipakwana mita imodzi, pamene chandamale chili pa mamita 50. Choncho phazi likasuntha milimita imodzi yokha, muvi umakagwera kutali masentimita oposa 5 ndi pamene unalunjika. Kuchokera pakatikati pa kabwalo kaja kukafika m'mphepete mwake ndi masentimita 4. Aliyense atayesa kukhala pampando n'kuimika mwendo m'mwamba kwa masekondi ochepa aona mmene zala zimayambira kunjenjemera. Stutzman anaphunzitsa mwendo wake kuti ukhale nji, kambirimbiri pa tsiku limodzi, pakuti pa ndime yoyamba ya mpikisano woponya aliyense amaponya mivi 72.

Pali zinanso zing'onozing'ono zimene diso lothamanga siliona. Aphunzitsi a masewerawa amaletsa ophunzira kufinya uta, chifukwa dzanja lofinya limaupotoza muvi ukamachoka. Zala za kuphazi nazo ziyenera kupana mokwanira kuti uta usagwe, koma osapitirira. Uta ukapendekeka pang'ono, kalevulo ka madzi komwe kali pa cholunjikira kamaulula, ndipo ena amauwongola ndi dzanja, iye ndi kakolo. Diso limasuzumira pa kabowo komangidwa mu nsinga, kudutsa pa kagalasi kakutsogolo, mpaka pa chandamale, ndipo zitatuzi ziyenera kukhala pa mzere umodzi. Kenako pamabwera kumasula. M'kaponyedwe kamene dziko linamudziwira, kachitsulo kaja amakatsegula ndi nsagwada. Mutu womwewo umene uyenera kukhala chete kuti diso lisachoke pa kabowo ndi umene ukuyeneranso kuwombera. Nsagwada imakankha pang'onopang'ono, khosi osagwedera, mpweya utaima. Muvi ukachoka, mwendo sugwa nthawi yomweyo. Umatsala m'malere kamphindi, chifukwa woponya wotsitsa uta mofulumira amayamba kuutsitsa muvi usanachoke n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi wopupuluma amaonekera pa muvi woyamba.

Phazi lotere silinapangidwe pa bwalo la masewero. Stutzman anabadwa mu Disembala 1982 ku Kansas City. Makolo omubereka anamupereka kuti akaleredwe ndi ena, ndipo ali ndi miyezi 13 anatengedwa ndi banja la ku Kalona, m'chigawo cha Iowa. Iye amafotokoza kuti makolo omulerawa sankathamangira kumuthandiza. Ankamusiya ayambe wayesa yekha, ndipo sanasinthe nyumba kuti imuyenerere. Anaphunzira kudya, kulemba, ngakhale kuyendetsa galimoto ndi mapazi. Kwathu kuno chifundo chimafulumira: mwana waulumali tamunyamula kale asanapemphe, supuni tamulanda kale asanayese. Chimenecho ndi chikondi ndithu, sindikukana. Koma phazi limene linatenga golide ku Paris ndi lomwe lija linaloledwa kutaya chakudya pansi lili laling'ono. Munthu amene waduka mikono atakula amayamba kuphunzitsa zala za kuphazi zitauma kale. Stutzman pofika polowa m'mipikisano n'kuti zala zake zitagwira ntchito zaka zoposa 25.

Utawo anaugwira chifukwa cha njala, osati mendulo. Cha m'ma 2010 anali pa ulova, ana ali pakhomo, olemba ntchito akumubweza akangomuona. Anaganiza zosaka mbawala kuti banja lidye. Atafufuza pa intaneti za mmene munthu wopanda mikono angaponyere muvi, sanapeze kalikonse. Kakhalidwe ka pampando, malo a lamba, kapindidwe ka bondo, zonsezi anazipeza yekha poyesa ndi kuphonya.

Nkhani imene amaikamba kawirikawiri, yomwe kwa ine ndiyo phata la moyo wake wa masewero, ndi iyi. Atangoyamba kupita kumipikisano, kampani ina yopanga mauta inayamba kumuthandiza. Mnzake anamuuza mosapsatira mawu kuti thandizolo silinabwere chifukwa amaponya bwino, koma chifukwa alibe mikono ndipo anthu amakonda kumuonerera. Mawu otere amapweteka, ndipo wina akanatha kukhutira n'kumadya za kuonereredwako moyo wake wonse. Stutzman anakana kukhala chionetsero. Anabwerera kukaponya maola ambiri tsiku ndi tsiku, kuti dzina lake lizitchulidwa chifukwa cha pamene muvi wagwera.

Mu 2012, ku London, anafika mu ndime yomaliza n'kugonja kwa Jere Forsberg wa ku Finland, ndipo anatenga siliva. Mu Disembala 2015 analasa chandamale pa mtunda wa mayadi 310, pafupifupi mamita 283, n'kulowa m'buku la Guinness World Records pa mbiri imene amalimbirana anthu onse, a mikono ndi opanda. Koma njira sinali yosalala. Ku Rio de Janeiro mu 2016 anabwerako chimanjamanja, ku Tokyo chimodzimodzi. Zaka zimenezo n'zimene ndimamulemekezera kwambiri, chifukwa kudabwa kwa anthu kunali kutazilala, thupi likukula, ndipo chotsala chinali ntchito yokhayokha. Mu 2022 ku Dubai anakhala katswiri wa dziko lonse, ndipo amene anakumana naye mu ndime yomaliza, Aleksandr Gombozhapov wa ku Russia, nayenso amagwira uta ndi phazi.

Ku Paris anakumananso ndi Forsberg patapita zaka 12. Mivi 15 itatha anali atafanana mapointi. Zikatero aliyense amaponya muvi umodzi wokha, ndipo wopambana ndi amene muvi wake wayandikira kwambiri pakatikati. Apa kabwalo ka masentimita 8 kaja kamakhala ngati kakula, chifukwa nkhani imasanduka ya mamilimita. Stutzman anatola muvi, kuwerama, kukola ngowe, kudzuka, kukankha, monga amachitira masiku onse, ndipo muviwo unakabaya pakatikati penipeni. Mu ndime yachiwiri kwa yomaliza anafanananso ndi He Zihao wa ku China, n'kupambananso pa muvi umodzi wokha. Nthawi ngati zimenezi munthu saganiza zatsopano. Chimamupulumutsa ndi chizolowezi cha thupi, kuti muvi wa golide uchoke mofanana ndi muvi wa kuseri kwa nyumba kopanda woonerera.

Umboni waukulu woti zimenezi ndi umisiri ndi wakuti zimaphunzitsika. Ku London anali yekha woponya ndi phazi. Ku Paris, kumene ananena kuti ndi masewero ake otsiriza a Paralympic, analipo anayi. Mmodzi mwa iwo ndi Sheetal Devi wa ku India, amene anabadwa mu 2007 wopanda mikono m'boma la Kishtwar, kumapiri a Jammu ndi Kashmir. Aphunzitsi ake anali asanaphunzitsepo munthu wotere, ndipo anatengera njira ya Stutzman: mpando, phazi lakumanja, lamba wa paphewa. Chimene iye anachifufuza yekha popanda womulozera, mtsikanayu anachipeza chokonza kale, n'kuchisintha kuti chigwirizane ndi thupi lake laling'ono. Awiriwa anakumana mu 2023 pa mpikisano wa dziko lonse ku Pilsen, m'dziko la Czech Republic, kumene Stutzman anamulangiza pa kaponyedwe, ndipo Sheetal anatenga siliva. Chaka chomwecho anatenga mamendulo awiri a golide ku Hangzhou, pa masewero a anthu aulumali a ku Asia. Ku Paris, ali ndi zaka 17, anatenga mendulo ya bulonzi limodzi ndi mnzake Rakesh Kumar. Mu Seputembala 2025, ku Gwangju m'dziko la South Korea, anagonjetsa Öznur Cüre Girdi wa ku Turkey, amene amakoka uta ndi manja, ndi mapointi 146 kwa 143, n'kukhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 18.