Chikomekome cha Nkhuyu: Phunziro la Mlandu wa Marcial Maciel

Wansembe wotchuka akagwa m'tchimo lochititsa manyazi, kaŵirikaŵiri timamva mau aŵiri otonthoza. Ena amati, "Wansembe naye ndi munthu." Ena amati, "Masakramenti amene adapereka ngoona ndithu, choncho tisataye mtima." Mau onse aŵiriŵa ngoona, koma amafika madzi atafika kale m'khosi, ndipo amakwirira funso limene liyenera kutisautsa ife ansembe ndi ophunzira za unsembe: kodi ndani adamkweza munthuyo mpaka pamalo pamene panalibenso womfunsa? Mlandu wa Marcial Maciel ukutiphunzitsa kuti choipa chachikulu cha kupembedza mtumiki wa Mulungu chimachitika iye asanagwe, pa zaka zimene onse akumuwombera m'manja.

Maciel adabadwira ku Cotija m'dziko la Mexico m'chaka cha 1920. Mu 1941, asanadzozedwe n'komwe, adayambitsa chipani cha Legionaries of Christ, ndipo adalandira unsembe mu 1944. Chipanicho chidakula mofulumira. Chidamanga maseminale, masukulu ndi mayunivesite, ndipo nyumba zake zidadzaza anyamata pa nthaŵi imene zipani zina zinkasoŵa oloŵamo. Ana ake ankamutchula Nuestro Padre, ndiye kuti Bambo Wathu. Zithunzi zake zinali pa makoma, makalata ake ankaŵerengedwa ngati chakudya cha mzimu, ndipo tsiku lake lobadwa linali chikondwerero. Kuwonjezera pa malumbiro atatu a umphaŵi, kudzisunga ndi kumvera, aliyense ankalumbiranso mwapadera kuti sadzadzudzula mkulu wake, ndi kuti adzaneneza mnzake wochita zimenezo. Pa lumbiro limeneli ndi pamene pagona nkhani.

Madandaulo adayamba kale. Mu 1956 Roma adamuimitsa pa udindo wake natumiza ofufuza. Anyamata amene adafunsidwa, omangidwa ndi lumbiro lija, adabisa zimene ankadziŵa, ndipo mu 1959 Maciel adabwerera pa mpando. Mu 1997 nyuzipepala ya Hartford Courant ku America idasindikiza umboni wa amuna amene kale anali m'chipanicho, wonena kuti iye adaŵagwirira ali ana m'seminale. Mu 1998 iwo adakapereka dandaulo lao ku Roma motsata malamulo a Mpingo, koma ambiri adaŵayesa adani a Eklezia. Mu 2004 Papa John Paul II adamlandira mwaulemu pokumbukira zaka 60 za unsembe wake. Mpaka mu 2006 ndi pamene Papa Benedict XVI adamuuza kuti asiye utumiki wonse wapoyera, akhale moyo wa mapemphero ndi wopepesera machimo. Adamwalira mu 2008. Pambuyo pake zidadziŵika kuti adaberekanso ana, ndipo mu 2019 chipani chake chomwe chidavomera kuti iye adagwirira ana osachepera 60, ndi kuti ansembe 33 a chipanicho adalakwira ana 175 kuyambira mu 1941.

Kuchokera mu 1956 kufikira mu 2006 ndi zaka 50. Zaka zonsezi umboni unalipo. Chidasoŵa ndi khutu loti liumve. Amene ankamteteza anali ndi mfundo imodzi yooneka yamphamvu: mtengo umadziŵika ndi zipatso zake, tsono taonani maseminale odzaza. Koma makolo athu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chiŵerengero cha ansembe ndi kukula kwa nyumba zidaŵerengedwa ngati zipatso, pamene mwana wolira m'chipinda sadaŵerengedwe. Ndiye kuti oyamba kulipira mtengo wa fano ndi olakwiridwa aja, amene adapwetekedwa kaŵiri, poyamba ndi tchimo, kenaka ndi kusakhulupiriridwa. Otsatira ao ndi ansembe ndi akhristu osalakwa amene adamanga maitanidwe ao pa munthu mmodzi. Fanolo litagwa, ambiri adachoka m'chipani, ena chikhulupiriro chao chidagwedezeka, popeza sadaphunzitsidwe kusiyanitsa mau a Khristu ndi mau a woyambitsa chipani.

Mpingo wa mu Afrika udakumanapo ndi funso la mtumiki wochimwa. Atatha mazunzo a mfumu Diocletian, amene adayamba mu 303, otsatira a Donatus adakana masakramenti a ansembe ndi maepiskopi amene adapereka mabuku oyera kwa ozunza. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo, adaŵayankha kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kaya dzanja lothira madzi ndi la woyera kapena la wochimwa, ndipo pa msonkhano wa ku Carthage mu 411 maganizo a Donatus adagonja. Msonkhano wa ku Trent udatsimikiza chiphunzitso chomwechi mu 1547. Tsono tiyenera kudzudzula m'mene chiphunzitsochi chimagwiritsidwira ntchito masiku ano. Ena amachisandutsa chishango chotchinjirizira wansembe wolakwa, ngati kuti kuona kwa Misa yake kumafafaniza mlandu wake. Augustino ankanena zina. Ngati chaulere chichokera kwa Khristu yekha, ndiye kuti Mpingo sungagwe chifukwa wansembe wina wafunsidwa mlandu, ndipo palibe wansembe wofunika kwambiri kotero kuti sangachotsedwe. Wopembedza wansembe ndi wotsatira wa Donatus amalakwa mofanana: onse aŵiri aika chipulumutso chao pa kuyera kwa munthu. Wina amathaŵa akaona tchimo, wina amatsinzina kuti asalione.

Atumwi adaikana msanga nyambo imeneyi. Pamene Kornelio adagwada pa mapazi a Petulo, iye adamuimiritsa namkumbutsa kuti nayenso ndi munthu. Anthu a ku Listara atafuna kupereka nsembe kwa Paulo ndi Barnabasi, iwo adang'amba zovala zao. Mau akuti wansembe naye ndi munthu ali ndi phindu akanenedwa ndi wansembe mwini wake pa tsiku la ulemerero, monga adachitira Petulo. Akanenedwa ndi ena pa tsiku la manyazi amangokhala chofunda.

Kwathu kuno wansembe timamutcha bambo mfumu. Akhristu amamgwadira popereka moni, ndipo mwana amakula akudziŵa kuti wamkulu satsutsidwa pa maso. Ulemu umenewu ndi chuma, komabe ungathe kukhala lumbiro la Maciel losalembedwa. Mu 2019 Papa Francis adakhazikitsa lamulo la Vos estis lux mundi, lokakamiza ansembe ndi a m'zipani kuulula milandu yotere kwa akuluakulu a Mpingo, ngakhale wolakwayo akhale episkopi. Koma lamulo silimva kulira kwa mwana; amamva ndi munthu. Choncho seminale iyenera kuphunzitsa mnyamata kulandira chidzudzulo, kuwonetsa mabuku a ndalama kwa bungwe la parishi popanda kukwiya, ndi kuchita mantha pamene akhristu ayamba kunena kuti Misa ya bambo uje ndiyo yokhayo yamphamvu. Wansembe amene ali ndi womfunsa ngwotetezedwa, pamodzi ndi nkhosa zimene adapatsidwa kuti aziŵete.