Musakonze Chichewa cha agogo: ndemanga pa kabuku ka makalata a ku nkhondo ndi ku migodi

Masiku ano mabanja ambiri mu Lilongwe akamaika chiliza amasindikiza kabuku ka mbiri ya malemu, ndipo ena ayamba kuikamo makalata akale opezeka m'masutikesi. Kabuku kamene ndikukambapo pano ndi ka banja lina la ku Kawale. Muli makalata a anthu awiri: agogo aamuna amene ankatsuka mabala a asilikali a King's African Rifles pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ndi mwana wa mchemwali wawo amene anapita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela cha m'ma 1960. Eni ake anandilola kuona makalata enieniwo, motero ndinayerekeza mapepala akalewo ndi zimene zasindikizidwa.

Mdzukulu amene anasonkhanitsa makalatawa ngofunika kumuyamikira. Anawasanja potsata zaka, nafunsa akuluakulu za anthu otchulidwamo. Koma m'mawu oyamba akunena kuti anakonza Chichewa chake kuti ana a lero asavutike powerenga. Apa mpamene ndikusiyana naye, chifukwa zimene anachotsa pokonzapo ndizo zikanauza banjali mbiri yake.

Tiyambe ndi kalembedwe. Agogowo ankalemba "cifukwa", "cimanga", "wace", "ndiri", monga zilili m'Buku Lopatulika lakale la 1922, limene anthu a m'sukulu za mishoni ya Nkhoma anakula nalo. M'kalembedwe kameneko, "c" ndi "ch" wathu wa lero, pamene "ch" ndi "tch" wathu. Choncho "kuca" ndi kucha kwa m'mawa, koma "kucha" ndi kutcha dzina. Anzathu a ku Zambia mpaka pano amalemba Cinyanja ndi "c". Kuno zinthu zinasintha Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, makamaka bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, litatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973.

Wokonza kabukuka anasintha "c" aliyense kukhala "ch", koma "ch" wakale anamusiya. Zotsatira zake, pamene agogo akulangiza za dzina la khanda ndi mawu akuti "mumuche", owerenga a lero akuona ngati munthuyo sankadziwa kulemba. Eti nkukonza kumeneko? Agogo analemba molondola potsata malamulo a nthawi yawo. Wapunthwa ndi kabuku.

Makalata a ku migodi ali ndi phunziro lina. Pa mapepala enieni, dzanja likusintha kalata ndi kalata: ina yolembedwa mopendeka ndi "c" paliponse, ina ya zilembo zikuluzikulu zolumikiza mawu mwachisawawa. Zikuonetsa kuti mwini wake ankalembetsa kwa anzake m'komponi. Munthu wolembetsa sanena zonse, paja khutu lachilendo lili pomwepo. Banjali lakhala likudandaula kuti malume awowa anali ouma mtima, sankafunsa za akazi awo. Mwina nzoona, kaya. Koma amene waona manja osiyanasiyanawo sangaweruze msanga. M'kabuku zonse zatayipidwa mofanana, ngati munthu mmodzi anakhala pansi payekha nkulemba.

Chachiwiri ndi mawu obwereka. Makalata a asilikali ankawerengedwa kaye ndi akuluakulu a nkhondo asanatumizidwe, motero simupezamo dzina la malo. Tikudziwa kuti asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944, koma kalata sinena. Chimene chimatsala ndi mawu. M'makalata oyambirira agogo akulemba "mankhwala", m'otsatira ayamba kulemba "dawa" ndi "posho", mawu a Chiswahili. Imeneyi ndi mbali ya ulendo wawo: anafika pokhala ndi kugwira ntchito pakati pa asilikali a ku Kenya, Tanganyika ndi Uganda. Kabuku kabwezera "mankhwala" ndi "chakudya", ulendo uja nkufufutika.

Ngakhale ntchito yawo yasinthidwa dzina. Kabuku kakuwatcha "namwino", pamene iwo ankagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi akuti dresser, owalemba monga ankawamvera. Mawu awiriwa sali chimodzimodzi. Oyambawo amatipatsa chithunzi cha munthu wa yunifolomu yoyera m'wodi, achiwiriwo ndi mwamuna wachikuda wophunzitsidwa kumanga mabala pansi pa dokotala wachizungu. Kumalo kwa "komponi" kwaikidwa "nyumba za antchito", kumalo kwa "Joni" kwaikidwa Johannesburg. Tanthauzo lilipo ndithu, koma kamwa la mwini wake mulibe.

Chachitatu, chimene chandiwawa kwambiri, ndi malonje. Kalata iliyonse inkayamba ndi kufunsa moyo ndipo inkatha ndi mndandanda wa moni: kwa amayi, kwa amalume, kwa achemwali, kwa ana mmodzimmodzi. Wokonza anadula zonsezi, ati nzobwerezabwereza. Komatu mndandanda umenewu ndiwo kaundula wa banja. Dzina likalowa, mwana wabadwa kapena wina wakwatiwa. Dzina likasowa, pali maliro kapena ukwati watha. Ndondomeko yake nayo ili ndi nkhani: agogo akutchula achemwali awo ndi ana awo poyamba, ndipo ndalama zikudzera kwa amalume. Umu ndi mmene mwamuna wa Chichewa ankasamalira mbumba yake ali kutali. Wowerenga kabuku kokha sangazione.

Maenvulopu nawo anasiyidwa, chonsecho pamenepo mpamene pali keyala, mawu amene ambiri amati anachokera ku "care of" wa Chingerezi. Kalata inkadzera kwa mphunzitsi, kwa mwini sitolo kapena kwa amfumu, ndipo kawirikawiri inkawerengedwa mokweza anthu ali gwiragwira. Wolemba ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake sankaiwala dzina la munthu pa moni.

Sindikunena kuti ana aziwerenga zimene sangamve. Njira ilipo, ndipo siyodula. Jambulani pepala ndi envulopu yomwe pa foni. Kenako tayipani chilembo ndi chilembo osasintha kanthu, ngakhale pamene mukuona ngati palakwika. Pomaliza ikani Chichewa cha lero pambali pake, ndi kunena kuti chimenechi nchanu.

Nthawi sili kumbali yathu. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo wa Theba unatha mu 1988. Anthu amene angatiuze kuti dzanja ili nla yani, dzina ili linasowa bwanji, akutha. Ophunzira amene mukusaka mutu wa kafukufuku, kafunseni sutikesi ya agogo ku Biwi kapena ku Chinsapo chiswe chisanakutsogolereni, ndipo mukaipeza, siyani "c" akhale "c".