Kodi "Sunyata" Ndi "Cabe"?

Pa Mapanga, m'mbali mwa mseu wocokera ku Limbe kunka ku Zomba, pali Amitofo Care Centre, malo olerako ana amasiye amene anayambitsa Hui Li, mmonke wa ku Taiwan. Kanema wa Nicole Schafer wa 2019, Buddha in Africa, anaonetsa moyo wa ana a pamenepo. Popeza cipembedzo ca Buddha cafika pakhomo pathu, mphunzitsi wa cinenero ayenera kufunsa: kodi mau ace akuru tidzawamasulira bwanji?

Mau obvuta koposa ndiwo "sunyata" a m'Sanskrit, amene Achaina ati "kong". Womasulira wofulumira adzalemba "cabe". Pamenepo walakwa, pakuti kuyambira 1922, pamene Buku Lopatulika linasindikizidwa, makutu athu anazolowera "cabe" wa Mlaliki, ndiye cinthu copanda pace. Koma Nagarjuna, mphunzitsi wa ku India wa zaka za m'ma 200, anakana kuti sunyata ndi kusakhalapo kwa zinthu. Iye anaphunzitsa kuti palibe cinthu cokhala pa cokha. Ciri conse cidalira zinzace.

Taonani mbaula ya pa msika wa Ndirande. Muli citsulo cakale, dzanja la mmisiri, nyundo ndi moto. Mukacotsa zimenezi, kodi "umbaula" utsala kuti? Komabe mbaulayo iphika nsima. Momwemonso munthu, ati a Buddha. Iye amene aumirira kuti "ine" ndi "canga" nzosasinthika adzisonkhera yekha moto wa umbombo ndi udani. Akazindikira kuti palibe cogwira, aleka kuthira makala, ndipo motowo uzima. Kuzimako ndiko "nirvana", kumasuka kwa mtima.

Makolo athu anati, kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Mwambi umenewu uyandikira tanthauzo kuposa "cabe", koma tisaukokere kumene sufika. Mwambiwo unena za anthu okha, ndipo Acewa akhulupira kuti mzimu wa munthu ukhalabe pakati pa abale ace. Nagarjuna anena za zinthu zonse, ndipo sapatula ngakhale mzimu.

Cotero ife tiyesa kuti "kusakhala pa cokha" ndiwo mau oyenera. Atalika, inde, koma sanamiza mwana. Mphunzitsi amene apatsa ana mau apafupi cifukwa ca ulesi awaphunzitsa kunyoza cimene sanacimve.