Bwalo la ana m'kalasi ndi pepala la chefe de turma

M'sukulu zambiri za ku Angónia ndi Tsangano, aphunzitsi akatuluka amasiyira chefe de turma pepala loti alembepo maina a olongolola. Ena amati kumeneku ndiko kuphunzitsa ana kudzisungira okha mwambo. Koma mwanayo wangobwerekedwa ndodo ya aphunzitsi. Malamulowo sanapangane ndi anzake, ndipo amene wamugawira chimanga chowotcha pa nthawi yopuma dzina lake silipezeka papepalapo.

Njira ya Célestin Freinet wa ku France, imene aphunzitsi a Movimento da Escola Moderna ku Portugal anaikulitsa, imayenda mwina. Pakhoma pamakhala chipepala pomwe mwana aliyense amalemba chimene chamukondweretsa, chimene chamukwiyitsa ndi chimene akufuna chichitike. Kumapeto kwa sabata kalasi yonse imakhala pansi, ana okhaokha n'kutsogolera. Wodandaula amafotokoza, winayo amayankha, lamulo n'kuchokera pa mlandu umene onse auona.

Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi zovuta zake. Mwana wa kalasi yoyamba kapena yachiwiri sangalembe dandaulo, ndipo pomwe ana athithikana, ena ali pansi pa mtengo, chipepalacho chilibe ndi khoma lomwe. Chimene chingatengeke ndi kukambiranako, pakamwa.

Apa nkhani ya chilankhulo ndiyo yaikulu. Kuyambira pa PEBIMO, ntchito yoyesa ya 1993 mpaka 1997 ku Tete ndi Gaza, zinaoneka kuti ana amayankha ndi kufunsa momasuka m'chilankhulo chawo. Bwalo la kalasi likachitika m'Chipwitikizi, pofuna kuti ana azolowere, mlandu amapambana ndi amene amachiyankhula kunyumba, osati amene walakwiridwa. Mwana wakumudzi amene angafotokoze bwinobwino m'Chinyanja mmene cholembera chake chinasowera amangoti kakasi, kukhala chete kwakeko n'kuoneka ngati kuvomera. Chipwitikizi chili ndi maola ake.

Kutengera bwalo la kwa amfumu kuli ndi msampha wakenso. Anyamata akuluakulu, makamaka obwereza kalasi, amalanda mawu, atsikana n'kumangomvera. Ndipo ana akapatsidwa mphamvu yogamula, kawirikawiri amapempha chilango choposa cha aphunzitsi: kugwada, kukumba dzenje, ngakhale chikwapu. Choncho aphunzitsi sangachokepo. Asanayambe, anene kuti bwalo silimenya munthu ndipo silimuchititsa manyazi, utsogoleri uzisinthana sabata ndi sabata pakati pa mtsikana ndi mnyamata, ndipo milandu yokhudza zakunyumba kwa mwana aimve okha pambali.